Njala ndiyo ikuphunzitsa anthu makhalidwe owononga moyo kuno ku Mangochi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ndikuona kuti tikuigawa pawiri pamene ndi nkhani imodzi. Kuno ku Mangochi uthenga wa zaumoyo umatipeza paliponse: pa wailesi, ku sikelo ya ana, pa misonkhano ya mafumu, ngakhalenso m'mizikiti ndi m'matchalitchi. Timauzidwa kuti tisiye mowa ndi fodya, tichepetse mchere, shuga ndi mafuta, tidye zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi, timwe mankhwala motsatira malangizo ndiponso tipewe kugonana mosadziteteza. Uthengawu ndi woona ndipo palibe mfundo ngakhale imodzi imene ndikuitsutsa. Chondidandaulitsa n'chakuti umaperekedwa ngati kuti womverayo nkhokwe yake ndi yodzaza ndipo chimene chikumusowa ndi nzeru basi, pamene nkhani ya njala imakambidwa tsiku lina, ndi anthu ena, pa msonkhano wa zaulimi kapena pamalo ogawira chimanga. Ine ndikuti ambiri mwa makhalidwe amene timawadzudzulawa amayamba pa nthawi imene pakhomo palibe chakudya, ndipo amakhazikika moti ngakhale chakudya chibwerere, iwo sachoka.

Boma lathu lino, limene pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, silinapumeko m'zaka zapitazi. Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe wa Ana, ndipo chaka chomwecho kolera anabuka n'kusautsa kwambiri madera a m'mbali mwa nyanja. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera, kenaka mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, zomwe zinakweza mtengo wa feteleza, mafuta ophikira, shuga ndi thiransipoti nthawi imodzi. Anthu asanadzuke n'komwe, ng'amba ya El Niño inawotcha chimanga m'minda, mpaka mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo kauniuni wa komiti younika za kusowa kwa chakudya ya MVAC anaonetsa kuti anthu 5.7 miliyoni m'dziko muno adzafunika thandizo la chakudya kufikira Malichi 2025. Kwa munthu wa ku Makanjira, kwa Chimwala kapena kwa Nankumba, zimenezi zikutanthauza kuti galu wakuda, amene kale ankafika mu Januwale ndi Febuluwale, tsopano amafika anthu asanayambe n'kusosa komwe.

Tikamanena za kusowa chakudya tisamangoganiza za banja limene lagona ndi njala usiku wathunthu. Mabanja ochuluka amadya ndithu, koma amadya kamodzi patsiku, ndipo sadziwa ngati mawa adzadya. Mayi amagula kaufa ka m'kajumbo kongokwanira mgonero umodzi, bambo amasiya munda wake uli ndi udzu n'kupita kukapalira wa mnzake kuti alandire mbale ya chimanga, ndipo mwana amapita kusukulu m'mimba muli pululu. Munthu amene akukhala motere miyezi inayi kapena isanu chaka chilichonse maganizo ake onse amathera pa lero. Mukamuuza kuti chinthu chakutichakuti chidzamudwalitsa pakatha zaka khumi, amakumvani bwinobwino, koma zaka khumizo zili kutali kwambiri poyerekeza ndi dzuwa limene likupendeka ana asanaike kanthu kukamwa. Apa ndi pamene ine ndikuona kuti pali gwero la zonse zimene ndikufuna kutchula.

Ndiyambe ndi kadyedwe, chifukwa ndi pamene anthu ophunzira amalakwitsa kwambiri poweruza anzawo. Munthu wokhala ndi ndalama yochepa sagula chakudya chimene chili ndi thanzi lambiri. Amagula chimene chikhalitse m'mimba pa mtengo wotsika. Choncho amagula ufa, ndipo ndiwo zimangokhala zoti nsima idutse pakhosi: kabonya kochepa, tisoya, masamba owiritsa, kapena madzi a mchere chabe. Ndiwo zikachepa mchere ndi umene umachuluka, popeza kandiwo kowawa mchere kamatha kuperekeza mitanda yambiri. M'mawa, ngati zatheka, pamakhala tiyi wothira shuga wambiri kuti munthu apeze mphamvu zogwirira ganyu, ndipo masana wakabaza kapena wonyamula katundu pamsika amanyenga m'mimba ndi mandasi, zigege kapena tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta amene atenthetsedwa mobwerezabwereza mpaka kuda. Mwana akalira, mayi amamugulira kapaketi ka zokometsera zamchere kapena kachakumwa kotsekemera ka utoto, chifukwa ndi zimene kandalama kali m'manjako kangathe, ndipo mwanayo amatonthola. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, ndipo adye magalamu 400 a masamba ndi zipatso. Kadyedwe kamene ndafotokozaka n'kosemphana ndi malangizo onse awiri, ndipo amene akudya motere sanasankhe mwa kufuna kwawo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti lilime limazolowera. Mwana amene wakula akutontholetsedwa ndi zotsekemera safunanso phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo wamkulu amene wazolowera mchere wambiri amaona ngati ndiwo zina zonse n'zosakolera. Komanso munthu amene wavutika ndi njala miyezi ingapo, zinthu zikayamba kuyenda, kaya wakolola, kaya nsomba zaphedwa, kaya mwana wa ku Joni watumiza ndalama, amadya mobwezera. Amafuna nsima yoyera yambiri, mafuta oyandama pa ndiwo ndi zakumwa za m'botolo, popeza zimenezi ndi zimene zimasonyeza kuti pakhomo pafika mtendere. Thupi limene miyezi ina likusowa ndipo miyezi ina likulandira mopyoza limasunga mafuta. N'chifukwa chake si zachilendo kupeza pakhomo pamodzi mayi wonenepa amene akudwala kuthamanga kwa magazi ndi mwana wopinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo Mangochi anali m'gulu la maboma okhudzidwa koposa, ndi ana pafupifupi 45 mwa 100 aliwonse. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse anali olemera thupi mopyola muyeso. Ziwerengero ziwirizi zikuchokera mumphika umodzi.

Palinso china chimene madokotala anachitsimikiza kalekale koma sichikambidwa mokwanira kumudzi. Mwana amene anasowa chakudya ali m'mimba mwa mayi ake kapena m'zaka ziwiri zoyambirira, zomwe a zaumoyo amazitcha masiku 1,000 oyamba, amakhala pa chiopsezo chachikulu chodwala shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mtima akadzakula. Izi zinaoneka bwino kwa anthu amene anali m'mimba pa njala imene inagwa ku Netherlands mu 1944 ndi 1945, omwe anawatsatira kwa zaka zambiri pambuyo pake. Kuno kwathu, kafukufuku wa matenda osapatsirana wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Ana amene anabadwa pa njala ya 2002 tsopano ndi akuluakulu, ena ndi makolo. Tikamati matenda a shuga ndi BP ndi a anthu olemera a m'tauni, tikudzinamiza, ndipo tikuchedwetsa anthu osauka kupita kukayezetsa.

Mlendo akhoza kufunsa kuti zitheka bwanji anthu okhala pakati pa nyanja ya Malawi, nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire kusowa ndiwo zabwino. Yankho lake n'lakuti nsomba kuno ndi ndalama isanakhale ndiwo. Chambo, kampango ndi mcheni zimakwera galimoto kupita ku Blantyre, ku Lilongwe ndi m'malo ogona alendo, ndipo ngakhale usipa ndi utaka zikauma pa thandala zimapakidwa m'matumba kupita ku misika ya kutali. Banja la msodzi limagulitsa nsomba yabwino kuti ligule ufa wa masiku angapo, ndipo limatsala ndi zoswekasweka. Chambo cha mu Malombe chinatha mphamvu kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo chiwerengero cha anthu odalira nyanja chakhala chikukwera pamene nsomba zikuluzikulu zikuchepa. Zomwezo zimachitika ndi nandolo, mtedza, mazira ndi nkhuku kumtunda monga ku Namwera ndi kwa Katuli: chilichonse chokhala ndi thanzi chimapita ku msika kuti chikabwere ngati chimanga.

Tsopano ndifike pa mowa, umene anthu ambiri amautchula msanga akafuna kunena kuti osauka amadzisaukitsa okha. Ndi zoona kuti pali abambo amene amamwera ndalama ya ganyu ana ali ndi njala, ndipo ine sindingawaikire kumbuyo. Koma tiyeni tione mmene zimayambira. Mwamuna amene walima tsiku lonse n'kulandira ndalama yosakwana ngakhale ufa wa banja lonse amaona kuti ndalamayo singathetse vuto la kunyumba, koma ikhoza kugula kabotolo ka kachasu kamene kaziziritsa njala yake, kuchotsa kutopa ndi kumuiwalitsa manyazi obwerera kwa mkazi ndi ana chimanjamanja. Mowa wolowa m'mimba mopanda kanthu umafika m'magazi mwachangu, umapweteka chifu ndi chiwindi, ndipo umatha kutsitsa shuga wa m'thupi mpaka munthu kukomoka. Mawa lake munthuyo amadzuka wofooka, ganyu amagwira pang'ono, ndalama imachepanso, ndipo chifukwa chomwera chimakula. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali wotsika mtengo unabwereranso m'timabotolo timene anthu amati midoli, ndipo anyamata a m'madoko ndi m'misika ndi amene akuthera m'menemo.

Tisaiwale kuti njala imagwira mbali zonse ziwiri za malondawa. Mayi amene amatcheza kachasu kawirikawiri ndi wamasiye kapena wosiyidwa ndi mwamuna amene anapita ku Joni osatumizanso kanthu, ndipo kachasuyo ndiye munda wake. Mukamulanda zipangizo osamupatsa njira ina yopezera ufa, sabata yamawa mudzamupeza wayambiranso kuseri kwa nyumba. Pakati pa alovi, amene amachezera usiku wonse panyanja akuzizidwa ndipo malipiro awo amadalira zimene ukonde wakola, mowa unasanduka mbali ya ntchito: akapha amamwa posangalala, akalephera amamwa podandaula. Dera lathu lili ndi Asilamu ambiri ndiponso Akhristu a mipingo imene imaletsa mowa, ndipo zimenezi zateteza mabanja ochuluka. Komabe zachititsanso kuti amene wagwa m'vutoli azimwa mobisa, ndipo banja lake limachita manyazi kupempha thandizo mpaka zinthu zitafika poipa.

Fodya ndi chamba zimalowa pa khomo lomwelo. Fodya amapha chilakolako cha chakudya kwa kanthawi, ndipo agogo amene amafwenkha wa mphuno kapena abambo opichira chingambwe amakuuzani okha kuti akatero njala imayamba yaima. Anyamata ena amakhulupirira kuti chamba chimapatsa mphamvu zokokera makoka, zoumbira njerwa kapena zopalasira njinga mtunda wautali m'mimba muli mbee. Mphamvuzo ndi zongoganizira, koma chifuwa, kusokonekera kwa mutu ndi kusiya sukulu n'zenizeni. Pa mndandanda womwewu ndiikepo juga ya pa foni ndi ya mpira, imene yakola achinyamata ambiri m'matauni athu ang'onoang'ono. Mnyamata amene ali ndi ndalama yosakwana chakudya cha tsiku amaona kuti palibe chimene angataye poiponya, ndipo akaluza amakatenga katapila kapena kugulitsa nkhuku ya amayi ake.

Nkhani yowawa kuposa zonse ndi ya amayi ndi atsikana. M'madoko ambiri a nyanja yathu, nsomba zikachepa ogula amachuluka, ndipo mayi amene alibe mpamba wokwanira kapena amene akufuna kuti asabwerere wopanda kanthu amakakamizika kugona ndi msodzi kapena mwini zipangizo kuti apeze mwayi wogula. Mchitidwewu ndi wodziwika, mabungwe a zaumoyo akhala akuukamba kwa zaka zambiri, ndipo ndi njira imodzi imene kachilombo ka HIV kamafalira m'mbali mwa nyanja. Mayi woteroyo amadziwa bwino za kondomu, mwina kuposa amene akumuphunzitsayo, koma amene wagwira nsomba ndi amene amalamula mmene zinthu zichitikire. Kumunena kuti ndi wachiwerewere n'kumuchimwira kawiri, chifukwa amene wamuika pamenepo ndi ana amene wawasiya kunyumba opanda chakudya ndiponso mwamuna amene akupezerapo mwayi pa njala yake.

Atsikana a sukulu nawo amagwa mumsampha womwewu ndi zinthu zazing'ono zomvetsa chisoni: mbale ya tchipisi, sopo, ndalama yogulira mandasi pa nthawi yopuma. Makolo ena, poona kuti pakhomo pachuluka pakamwa, amavomera msanga munthu akabwera kudzafunsira mbeta, makamaka ngati ndi wobwera kuchokera ku South Africa ndi foni ndi njinga yamoto. Malamulo a dziko lino, kuyambira pa lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu mu 2017, amaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mafumu athu ambiri ayesetsa kuthetsa maukwati otere. Koma mtsikana amene mwamuchotsa ku banja n'kumubwezera kunyumba kumene kulibe ufa amabwereranso komwe anachokako. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena anali ndi pakati. Mtsikana amene thupi lake silinakhwime, ndiponso sakudya mokwanira, amabereka mwana wochepa thupi, ndipo mavuto onse ndatchula pamwambapa amayambiranso pa mwanayo.

Khalidwe lina limene a chipatala amalidandaula ndi kudumphitsa mankhwala. Anthu amene ali pa ma ARV amanena kuti mankhwalawa amawapatsa njala ndi chizungulire akamwa osadya, ndipo ena amasankha kusiya mpaka atapeza chakudya. Apa ndipemphe abale anga amene ali pa mankhwalawa kuti asasiye, chifukwa ma ARV amene ambiri akulandira masiku ano amagwira ntchito ngakhale munthu amwe asanadye, pamene kudumphitsa kumapatsa kachilombo mpata wochulukana ndi kuyamba kusamva mankhwala. Kwa odwala shuga nkhani ndi yosiyana ndipo ndi yoopsa: mankhwala ena otsitsa shuga, kuphatikizapo jakisoni wa insulin, akhoza kugwetsa munthu amene sanadye, choncho wodwala ayenera kuuza dokotala poyera kuti kunyumba kulibe chakudya kuti amulangize moyenera. Vuto n'lakuti ambiri amachita manyazi kunena, ndipo wachipatala amene ali ndi mzere wautali panja safunsa. Wodwala BP wa kutali ndi chipatala naye amayerekeza ndalama ya kabaza ndi mtengo wa ufa, ufa n'kupambana, ndipo timadzamva kuti wagwa ndi kufa ziwalo mbali imodzi.

Njala ikafika pothina anthu amadyanso zinthu zimene akudziwa kuti n'zoopsa. Mu 2024 tinamva za anansi athu a ku Machinga akuphika chitedze, chimene chimafuna kuwiritsa ndi kutaya madzi kambirimbiri kuti poizoni wake achepe. Ena amazula chinangwa chowawa n'kuchidya chisanaviikidwe mokwanira, ena amagayitsa chimanga chofumbwa ndi cha chuku chimene chimawononga chiwindi, ndipo ana amakhalira mango osakhwima owiritsa. Ngakhale masikito amene boma limagawa kuti atiteteze ku malungo amathera m'madzi kukokera tinsomba, kapena m'dimba kutchingira mbewu, banja n'kumagona pamtetete m'dera limene udzudzu suchoka chaka chonse. Ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono chotero timapha ndi ana a nsomba omwe, kutanthauza kuti ndiwo za chaka chamawa tikuzidyeratu lero.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti olemera nawonso amamwa mowa, amasuta ndiponso amadwala shuga, ndiye njala isakhale pobisalira. Ndi zoona, ndipo ndikudziwanso mabanja osauka kwambiri amene sanalole kuti umphawi uwaphunzitse zoipa. Amayi a m'mabanjawa amathyola chisoso, bonongwe ndi denje, amafutsa nkhwani ndi khwanya, ndipo ana awo amakula bwino. Anthu otere ndi ofunika kuwalemekeza ndi kuphunzira kwa iwo. Koma kusiyana kwake n'kwakuti wolemera akafuna kusintha ali ndi posinthira: akhoza kugula zipatso, kukwera galimoto kupita kuchipatala, kapena kupuma ntchito akadwala. Wosauka amauzidwa kuti asiye chinthu chokhacho chimene chimamuthandiza kupirira tsikulo, popanda kupatsidwa china m'malo mwake. Ndondomeko ya boma singamangidwe poyembekezera kuti munthu aliyense wanjala akhala wolimba mtima mwapadera chaka ndi chaka.

Pempho langa loyamba likupita kwa akuluakulu a zaumoyo ndi a zaulimi ku khonsolo ya boma lino, kuti ntchito zawo ziziyendera limodzi. Wodwala aliyense wobwera ku kiliniki ya ma ARV, ya TB, ya shuga ndi BP, kapena mayi wobwera ku sikelo, azifunsidwa mwaulemu ndi mwachinsinsi ngati kunyumba kwake kuli chakudya, ndipo yankho lake lizikhala ndi kumene likupita, kaya ndi ku Mtukula Pakhomo, kaya ndi pa mndandanda wa olandira chimanga. Mbali inayo, pamalo ogawira chakudya pamasonkhana anthu mazanamazana amene sapita kuchipatala. Alangizi a zaumoyo atakhalapo ndi makina oyezera BP, anthu ambiri akhoza kudziwa za vuto lawo lisanawagwetse. Thandizo lenilenilo lisamakhale chimanga chokha. Thumba la chimanga lopanda nyemba, nandolo kapena mafuta limapulumutsa moyo, koma limasiya banja pa kadyedwe komwe kaja ka nsima ndi mchere. Ndipo lizifika nthawi yake, chifukwa chimanga chobwera mu Malichi chimapeza mbuzi zitagulitsidwa, munda utagonja ndi udzu, ndipo mtsikana atapita kale ku banja.

Phala la kusukulu ndi chinthu chimene ndachiona chikugwira ntchito mosakayikitsa. Kumene ana amalandira phala, makalasi amadzaza ngakhale mu Febuluwale, ndipo mtsikana amene wamwa phala m'mawa sakopeka msanga ndi mbale ya tchipisi. Ndikupempha kuti ntchitoyi ifike m'sukulu zonse za pulayimale za m'boma lino ndi m'sukulu za mkombaphala, ndipo chimanga, soya ndi mtedza wake zizigulidwa kwa alimi a konkuno. Kunyanja, nthawi yotseka usodzi wa makoka mu Novembala ndi Disembala ndi yofunika kuti chambo chiswane, ndipo ndikuichirikiza ndi mtima wonse, koma imagwa pa nthawi imene nkhokwe zayamba kale kupepuka. Mabanja a alovi akufunika ntchito zolipidwa za chitukuko m'miyezi imeneyo, apo ayi lamulo lidzapitirira kuphwanyidwa usiku. Makomiti a m'madoko, mogwirizana ndi mafumu, akhazikitse dongosolo loti nsomba zizigulitsidwa poyera kwa amene wafika ndi ndalama, ndipo magulu a banki mkhonde a amayi ogula nsomba alimbikitsidwe kuti azigula pamodzi, popeza mayi amene ali ndi mpamba m'manja ndiponso anzake pambali savuta kukana.

Chinanso chimene chimandipweteka mtima ndi kuona madzi a Shire akudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi chaka chonse pamene minda ya pafupi pomwepo ikudikira mvula ya kamodzi pachaka. Ulimi wa mthirira wa mapampu oyendera dzuwa, ngakhale pa madimba ang'onoang'ono, ukhoza kuika masamba, nyemba ndi mbatata yofiira mkati pa mbale za anthu m'miyezi imene panopa akudya mchere. Mapira, mawere, chinangwa ndi khobwe, zimene makolo athu ankadalira kuno kotentha, zimapirira ng'amba kuposa chimanga, ndipo alangizi azilankhula za mbewuzi ndi mphamvu yofanana ndi imene amalankhulira za feteleza. Mango amene amawolera pansi mu Disembala akhoza kuyanikidwa n'kudyedwa mu Febuluwale, monga mmene timachitira ndi mfutso. Malambe, bwemba, masau ndi masamba a chamwamba tili nazo pakhomo, ndipo uthenga wa magulu asanu ndi limodzi ukamaperekedwa uzitchula zimenezi, osati zithunzi za maapozi ndi nyama ya m'sitolo zimene zimangouza mayi wakumudzi kuti nkhaniyi si yake.

Kwa mashehe, abusa ndi ansembe athu, ndikupempha mwaulemu kuti pamene mukudzudzula uchidakwa ndi chiwerewere, monga udindo wanu ukufunira, muzifunsanso ngati m'nyumba ya munthuyo mukufuka utsi. Zakaat, sadaka ndi zopereka za mpingo zikhoza kusungidwako mwadongosolo kuti zithandize mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo munthu amene wagwa m'mowa apeze pakati panu woti amuuze vuto lake popanda kuchititsidwa manyazi pagulu. Kwa aphungu ndi makhansala a m'boma lino, ndikufuna kumva mukufunsa ku Nyumba ya Malamulo ndi ku khonsolo kuti misika ya ADMARC ya m'madera mwanu idzakhala ndi chimanga mwezi uti, kuti ndalama za Mtukula Pakhomo zizifika pa tsiku lodziwika, ndiponso kuti ndani akuyang'anira mowa waukali umene ukugulitsidwa kwa ana pafupi ndi sukulu. Ndipo inu Akonzi, mukatumiza mtolankhani kudzalemba za njala kuno, adzafikenso ku kiliniki ya ma ARV, ku doko m'bandakucha pamene mabwato akukocheza, ndi kwa mphunzitsi wamkulu amene ali ndi kaundula wa atsikana osiya sukulu m'chigawo chachiwiri cha chaka cha sukulu.

Ine wanu wokhudzidwa,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Mangochi